Dzanja Lotsala pa Phewa la Amalume Ako

Tiyamike,

Kalatayi ndaipinda n'kuilowetsa mu nsapato yako yakumanja. Ndikanaiika m'chikwama cha kamera ukanakaiwerengera ku Lilongwe zinthu zitawonongeka kale. Uwerenge yonse usanamange zingwe za nsapatozo.

Ndikulemba masana ano pakhonde, iwe utapita ku Bvumbwe kukatsazika anzako, ndipo mtima wanga sunatsikebe. M'mawa muja tinakalipirana mpaka oyandikana nawo anatuluka kudzanamizira kusesa. Unandiuza kuti ine ndine wa nthawi ya filimu, za makono sindizidziwa. Chabwino, sindizidziwa. Laputopu yakoyo sindidziwa n'poyatsira pomwe. Koma manyazi amene unandichititsa dzulo kwa amalume ako ndikuwadziwa bwinobwino, ndipo sindilola kuti ukayambe ntchito ku situdiyo ya eni ake utasiya zimenezi kumbuyo.

Ndikukumbutse, popeza dzulo unali pafoni pomwe zinkachitika. Tinapita ndi alubamu ya ukwati wa msuweni wako Esinati, ukwati woyamba umene wajambula wekha. Anthu anadzaza pamkeka. Mayi ako aakulu, aFelesita, anachita kuyenda wapansi kuchokera ku Kapichi, ndi chifuwa chawo chija, kuti adzaone ntchito ya mwana wa mng'ono wawo. Anayamba apukuta manja pachitenje asanaigwire alubamuyo. Anatsegula tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, n'kubwereranso poyambira. Pa chithunzi cha banja lonse anaima nthawi yaitali. Kenako analoza pa phewa la amalume ako, amene ali kumapeto kwenikweni kwa mzere, n'kundiitana.

"Alamu, taonani. Dzanja ili ngati langa."

Linali lawodi. Zala zinayi zakuda ndi utomoni wa tiyi, zitagwira phewa la mchimwene wawo. Zalazo basi. Munthuyo unamudula pa laputopu.

"Ndiye kuti ndinaliko ndithu," anatero, n'kuseka. Palibe anaseka nawo.

Mayi amene anakoleza moto kuseri kwa holo tambala asanalire, amene anaphika mpunga umene iwe unadya mbale ziwiri, amene anathamanga atamva kuti a kubanja akujambulitsa, osapeza ndi mpata woti asinthe. Nditakufunsa unandiyankha chiyani? "Adadi, chitenje chawo sichimagwirizana ndi nsalu imene banja linasoketsa, ndiye chimakoka maso." Chimakoka maso! Mwana iwe, ndinaluma lilime kuti ndisanene mawu oti abusa akadzamva andiimitse mgonero.

Ndiye imva. Mawa usakwere minibasi yoyamba. Uyambe wapita ku Kapichi ndi kamera yakoyo, ukawajambule mayi ako aakulu. Ya masana ikakufikitsabe ku Limbe, basi ya ku Lilongwe ukaipeza. Ukapita sudzabweranso kuno mpaka Disembala, ndipo chifuwa chimene chija sindikuchikhulupirira. Chifukwa chachikulu ndikuuza kumapeto. Ndiyambe ndakuuza zopusa zimene ndinachita ine m'zaka zimene ndinkazungulira makomboni a m'maesiteti muno pa njinga, kamera ili m'khosi, chifukwa ndaona kuti zonse wazibwereza mu alubamu imodzi.

Ukwati woyamba umene ndinajambula unali wa kalaliki wina wa pasikelo, uja wolemba makilogalamu a othyola tiyi. Ankadzimva bamboyo. Anati akufuna kumbuyo kwake kuoneke fakitale, kuti abale ake a ku Mozambiki aone pamene amagwira ntchito. Ine ndinamuimika bwinobwino, maso anga onse ali pa tayi yake ndi maluwa a mkwatibwi. Filimu inapita ku Limbe kukatsukidwa, ine n'kumayenda monyada sabata yathunthu. Zithunzi zitabwera, chumuni cha fakitale chinali chitamera pakati penipeni pa mutu wa mkwati, utsi uli tolotolo. Komboni yonse inamutcha aChumuni mpaka tsiku limene anasamuka, ndipo ine sanandipatsenso moni. Ndikanangosuntha mapazi awiri kumanzere, palibe chikanachitika. Diso lako limaona munthu amene ukumufuna, koma kamera ilibe tsankho, imatola chilichonse. Tsegula tsamba lachitatu la alubamu yako uone pholo la magetsi likutuluka m'mutu mwa mwamuna wa Esinati. Tsegula lachisanu ndi chimodzi uone chitseko cha chimbudzi cha holo chili yasaa kumbuyo kwa keke. Unali ndi nthawi yodula munthu, koma unalibe nthawi yotseka chimbudzi. Usanadine, yang'ana kumbuyo kwa mutu wa munthu, kenako yang'ana ngodya zonse zinayi.

Ndipo kuno kwathu n'kwa mapiri, mizere ya tiyi imapendekeka. Ukatsata mizereyo anthu ako aoneka ngati akugwa. Wongola kamera potengera munthu amene waima, osati munda.

Ukwati wina unali wa mwana wa namwino wa ku mishoni. Monga ukudziwa, aliyense wa kuno amafuna kujambulidwa m'munda wa tiyi, ngakhale amene amatukwana mundawo Lolemba mpaka Lachisanu. Tinatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, ine n'kuwalowetsa m'tiyi mpaka m'chiuno. Zimene zinatuluka sindidzaiwala. Maso a mkwatibwi anali maenje awiri akuda, mphuno ikunyezimira, ndipo pachibwano ndi m'khosi panali pobiriwira. Masamba a tiyi amabweza kuwala kwa dzuwa, ndiye amapaka munthu mtundu wawo kuchokera pansi. Mayi ake anabwera okha kunyumba, zithunzi zili mu envelopu.

"Abambo, ine ndagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri," anatero. "Munthu wooneka chonchi timamugoneka. Mwana wanga sakudwala."

Kuchokera tsiku limenelo ndinkayenda ndi nsalu yoyera yoyala pabedi, ya mayi ako, ndipo ankandikalipira ikabwera ndi matope. Amayi awiri ankaigwira mmunsi kutsogolo kwa akwati, kuti kuwala kopita kunkhope kukhale koyera. Iwe uli ndi chozungulira chopinda chija, mbali ina yoyera ina yasiliva, chimene unavutitsa nacho anthu kuti uchipeze. Pa ukwati wa Esinati chinatha tsiku lonse chili m'chikwama. Ndinakuona. Ndinakuonanso tcheyamani wa komiti akukuthamangitsa kuti chakudya chikuzizira, iwe n'kuimika anthu padzuwa la masana, onse atatsinzina. Mthunzi wa mabulugamu unali pomwepo, mapazi makumi awiri. Unaopa kutsegula pakamwa. Ukaopanso ku Lilongwe ukangobweretsa maenje m'malo mwa maso. Pa nkhani ya kuwala wamkulu ndiwe, ngakhale pakhale abwana a mtundu wanji. Uwauze mwaulemu kuti, "Pepani, tiyeni tisendere pamthunzi," uwaimike chakumapeto kwa mthunziwo nkhope zitaloza kumene kuli kowala, osati mkatikati mwa mitengo momwe dzuwa limadontha madonthomadontho pamasaya. Mpunga ukazizira amautenthetsa. Chithunzi chikaipa palibe amene adzavalenso velo kuti ubwereze.

Cholakwa chinanso ndinachichitira m'tchalitchi. Abusa a nthawi imeneyo sankafuna kuona fulashi, ankati imasokoneza mapemphero, ndipo sankanama. Akwati anaima kutsogolo, kumbuyo kwawo kuli mawindo akuluakulu. Ine ndinaima pakati pa mabenchi n'kumangodina. Zinatuluka ndi mawindo okongola kwambiri, mitengo ya panja ikuoneka tsamba lililonse, koma akwati anali zithunzithunzi zakuda zopanda nkhope. Ndinapita kukakalipira wotsuka filimu ku Limbe. Mkuluyo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndimatsuka zimene mwandipatsa." Ndi iyeyo amene anandiphunzitsa kuti kamera ikaona chinthu chowala kwambiri, kaya ndi windo kaya ndi diresi yoyera, imachita mantha n'kuchepetsa kuwala ponseponse. Diresi imatuluka bwino, nkhope zathu zakudazi n'kumira. Ndiye kuwala uziyezera patsaya la munthu, osati pa diresi. Windo likhale kumbali kwako kapena kumbuyo kwako. Ufike tchalitchi chisanadzaze, uyime pamene adzaime akwati, uone kumene dzuwa likulowera, usankhiretu malo ako. Kamera yakoyo imakuonetsa chithunzi nthawi yomweyo. Ine ndinkadikira sabata kuti ndidziwe kuti ndapusa, iwe sekondi imodzi yokha, koma osayang'anabe.

Ndipo apa ndi pamene wandikwiyitsa kawiri. Utaona kuti nkhope zamira, m'malo movomereza kuti unalakwitsa, unakhala pa laputopu n'kuyamba kuyeretsa anthu. Esinati ndi wakuda bii ngati bambo ake, ndipo ndi wokongola choncho. Mu alubamu yako waoneka wotuwa ngati wadzola mafuta oletsedwa aja. Agogo a mkwati anayang'ana chithunzi chachikulu chija n'kufunsa mdzukulu wawo kuti, "Kodi iwe, unakwatira awiri?" Anthu anafa nazo nseko, koma Esinati analowa m'nyumba. Unandiuza kuti ku tauni amakonda choncho. Kaya. Ngati mwini situdiyo akakuuze kuti uziyeretsa anthu, ukamuuze kuti bambo ako anakuletsa, ndipo ngati akufuna andiimbire. Mwana wa Esinati adzakula n'kutsegula alubamu imeneyo kufuna mayi ake, adzapeza mlendo.

Za chiperoni ndinazidziwa mochedwa, mwangozi. Unali ukwati wa m'nyengo yozizira cha ku Changata, nkhungu itaphimba phiri lonse, kamvula kowaza kaja kakugwa. Ine ndinaumirira kuti tidikire dzuwa. Tinadikira mpaka anthu anayamba kunyanyala, ana akulira, akwati akunjenjemera. Nkhoswe ya kuchikazi inandikalipira kuti, "Jambulani choncho, ife tikufuna kupita." Ndinajambula mokwiya, ndikudziwa kuti ndataya filimu. Tiyamike, pa zithunzi zonse zimene ndinajambula moyo wanga, zimenezo ndiye zinaposa. Panalibe wotsinzina, panalibe mthunzi pansi pa maso, khungu la aliyense linaoneka momwe lilili, mpaka timadontho ta madzi pa velo. Ndinasungitsa anthu njala maola awiri kudikira chinthu chowononga, chabwino chili pamphuno panga. Mitambo ikaphimba usadandaule. Kuwala kwa m'mawa ndi kwa chakumadzulo dzuwa litapendeka n'kumene uzikupempherera.

Kunena za nkhoswe, nayonso ndinaipalamula. Pa ukwati wa mwana wa kapitawo wina ndinaika bwana wa esiteti ndi akazi awo pambali pa akwati, chifukwa anali ndi masuti abwino. Kankulu kena kovala jekete yothina ndinakakankhira kumbuyo, kakuoneka chipewa chokha. Kankuluko ndiye kanali nkhoswe yaikulu, amalume ake a mkwatibwi, amene anayenda maulendo onse a chinkhoswe. Zithunzizo sizinapachikidwe m'nyumba imeneyo. Ndiye iwe, ukwati usanafike, ukhale pansi ndi munthu wa m'banjamo umufunse: nkhoswe ndi ati, analera mkwatibwi ndani, ndani wachokera kutali, ndani ali kukhitchini. Ulembe papepala. Akuluakulu akakhala pampando usawajambule utaima ngati ukuwerenga mbuzi, ugwade kuti kamera ifanane ndi maso awo. Kugwada unaphunzira uli wamng'ono, sikunathe chifukwa wagula kamera. Ndipo wa kukhitchini akachedwa, mzere wonse udikire. Akabwera ndi chitenje cha mwaye, muike pafupi ndi mkwatibwi. Ngati mitundu ya nsalu ikukusokoneza, sendera pafupi kuti nkhope zidzaze chithunzi. Kukonza chithunzi ndi kusuntha mapazi ako, si kudula anthu.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuzungulira.

Ukuchidziwa chithunzi chimene chili m'Baibulo langa, chimene wakhala ukuchiyang'ana kuyambira uli ku pulayimale. Ukwati wa anthu ena, ndipo kumapeto kwenikweni kumanja kuli phewa, khutu limodzi, duku, ndi theka la nkhope lakuda loti sungazindikire. Nthawi zonse ukandifunsa kuti mayi ako ankaoneka bwanji ndinkakuonetsa pamenepo. Ndinkakuuza kuti wotsuka filimu wa ku Limbe ndi amene anawononga. Ndinkakunamiza, mwana wanga.

Linali Lamulungu la m'dzinja, nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri moti ena ankakathyola ndi Lamulungu lomwe. Mayi ako, Edina, anali m'munda kuyambira m'mawa. Ine ndinkajambula ukwati wa mnzake wa kukwaya, amene ankakwatiwa ndi munthu wa mu ofesi ya esiteti. Pofika kunyumba masana, mayi ako anapeza ndaiwala filimu yachiwiri patebulo. Sanasambe, sanasinthe. Anakubereka kumsana iwe, n'kuthamanga mtunda wonse uja, pulasitiki yothyolera tiyi ikadali m'chiuno, miyendo ili matope okhaokha. Anafika ine ndikuimika anthu mzere, m'kamera mutatsala chithunzi chimodzi. Mkwatibwi atamuona anakuwa.

"Edina! Bwera uime pano pafupi ndi ine!"

Mayi ako anayamba kubwera akuseka. Ine ndinayang'ana makalaliki ndi masuti awo, akazi awo ndi zipewa, ndinayang'ananso mkazi wanga ndi pulasitiki yake. Ndinachita naye manyazi. Pamaso pa anthu onse aja ndinati, "Iwe, tasendera uko, ukuwononga chithunzi."

Anasiya kuseka. Anasendera pang'onopang'ono mpaka kumapeto, kumene kunalibe mthunzi, dzuwa lili kumbuyo kwake. Ndinatembenuza kamera pang'ono kuti ndimuchotse, n'kudina. Kenako anandipatsa filimu ija m'manja, n'kubwerera kunyumba. Ndinaika filimu imene anandibweretserayo, n'kuimalizira yonse pa anthu ena.

Ndinkadziuza kuti ndidzamujambula bwino ndikadzamusokera diresi yabwino. Filimu inali ya makasitomala, ya kunyumba inkadikira. Chaka chisanathe anadwala masiku ochepa chabe, n'kutisiya, iwe usanayambe ndi kuyankhula komwe. Ndinajambula akazi a eni ake m'maesiteti onse a kuno, koma mkazi wanga ndili naye khutu limodzi ndi duku. Pa chithunzi chomwecho, ukayang'anitsitsa pamwamba pa phewalo, pali kanthu kozungulira. Ndi mutu wako. Ndinakudulani nonse awiri.

Ndiye dzulo aFelesita atati "dzanja ili ngati langa," mkwiyo umene unandigwira sunali wa iwe wekha. Ndinamva mawu anga omwe aja akutuluka m'kamwa mwa mwana wanga, ine ndisanamuphunzitse. AFelesita amaidziwa nkhaniyi, mng'ono wawo anawauza tsiku lomwelo. Sanandinenepo ngakhale kamodzi. Iwe utatsala wamasiye ndi iwowo amene anakutenga ku Kapichi mpaka unayamba sukulu, akuthyola tiyi uli kumsana kwawo. Ine zaka zonsezi ndalephera kuwapempha kuti ndiwajambule, manyazi. Pano ng'ala yandigwira, kamera sindingaiongolenso.

Wakhala ukundifunsa nkhope ya mayi ako. Edina ndi aFelesita anthu ankawasokoneza kutchalitchi. Mpata wa pakati pa mano, chipumi chotambalala, kupendeketsa mutu akamamvetsera, zonse n'chimodzimodzi. Nkhope imene wakhala ukuifuna m'Baibulo langa inabwera yokha kudzaima pamaso pa kamera yako, iwe n'kuidula chifukwa cha chitenje.

Mawa udzuke m'mamawa. Mmene kwazizirira masana ano, kucha ndi nkhungu, ndipo kuwala kwake n'komwe ndakuuza kuja. Ukafika uyambe wagwada, upepese, kamera ikadali m'chikwama. Usakayambe za kuti pa laputopu chithunzi chonse chikadalipo. Ndikudziwa kuti chilipo, ndipo ukachitsukitsanso chathunthu n'kutumiza kwa amalume ako, Esinati ali ndi khungu lake. Koma chimenecho sichikwanira. Akafuna kusintha zovala uwadikire, akafuna kukhala momwe alili usawakakamize. Uwakhazike pakhonde nkhope italoza panja. Uyang'ane kumbuyo kwa mutu wawo, uyang'ane ngodya zonse zinayi. Kuwala uyezere patsaya. Manja awo alowe onse, ndi utomoni wake womwewo, usakapukute pa laputopu. Akhale pakati penipeni, okha. Usathamange. Uwafunse za mng'ono wawo, ndipo akapendeketsa mutu, dina.

Ukatsukitse ziwiri. China chawo, china changa. Changacho chikhale chachikulu, maso angawa tizithunzi tating'ono sationanso.

Ndikadakwiyabe, usaganize kuti zatha. Koma nsapato zakozi ndazipolisha, ndipo mapeyala ako ali m'jumbo kuseri kwa chitseko. Ungawaiwale.

Ndine bambo ako.